Masheya ndi mtengo wa chimanga: ife, a ku Malawi ndi a ku Joni

Sabata yatha ndinali ku Mchinji kwa msuweni wanga, ndinadutsa pa boda ya Mwami m'mamawa, ndiye titakhala pakhonde tikumwa thobwa anatulutsa foni kundionetsa masheya ake a Airtel Malawi, timagawo ta umwini wa kampani, omwe anagula mu 2020 kampaniyo italowa pa msika wa masheya ku Blantyre. Munthu ndi mphunzitsi wa pulayimale chabe koma akukamba za dividendi, phindu lomwe kampani imagawira eni masheya, ngati mmene ife timakambira za feteleza. Zinandikhudza ndithu, chifukwa kuno ku Chipata mutha kuyenda kuchoka ku Kapata mpaka ku Saturday Market osamva munthu akutchula LuSE, msika wathu wa masheya wa ku Lusaka.

Chonsecho msika wathu ndiye wamkulu kubadwa. Wa ku Lusaka unayamba malonda mu 1994, pomwe ku Malawi kampani yoyamba, NICO, inalowa mu 1996. Ndipo makampani ali pa LuSE ndi omwewa timawapatsa ndalama tsiku ndi tsiku, Zambia Sugar, Zambeef, Zanaco, Airtel, Chilanga Cement, shuga wa mu tiyi ndi simenti yomangira nyumba. Nditamufunsa msuweni uja kuti zinayamba bwanji anati, "Asuweni, kuno ndalama yongokhala mu akaunti ili ngati mchere pamvula." Akunena zoona, kwacha yawo anaitsitsa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye munthu amasaka pobisa kangachepe kake. Si kuti masheya sagwa ayi, amagwa, komanso misika yathu iwiriyi ndi yaing'ono moti utha kufuna kugulitsa ogula osapezeka masiku angapo. A ku Mozambique nawo ali ndi wawo ku Maputo, mu 2019 anagulitsa kwa nzika zawo masheya a kampani ya magetsi ya Cahora Bassa, damu lili pa Tete pompa.

Koma chomwe chimandisowetsa tulo ine si masheya kwenikweni. Ndimalima soya ndi chimanga ku Chiparamba, ndipo chimene ndimasirira ndi cha ku Joni.

Msika wa ku Johannesburg, JSE, ndi wa 1887, ndipo mu 2001 unagula SAFEX komwe amagulitsa ma futures. Tanthauzo lake ndi loti mlimi wa ku Free State atangobzala mu December atha kugulitsiratu chimanga choyera chomwe adzapereke mu July pa mtengo womwe agwirizana lero. Kontrakiti imodzi ndi matani 100, ndiye kuti matumba 2,000 a 50kg. Mtengo ukadzagwa pokolola iye alibe nazo, wake anamanga kale. Ukadzakwera wataya kapamwambako inde, koma anadziwiratu zomwe adzapeze ndipo ku banki amamubwereketsa ndalama ya feteleza poona pepala lomwelo. Zimatheka chifukwa kuli nkhokwe zikuluzikulu zovomerezeka zomwe zimayeza chimanga n'kupereka lisiti yodalirika, komanso boma lawo linasiya kuika mtengo wa chimanga cha m'ma 1997.

Tsopano bwerani kwathu mu May. Venda wamangirira sikelo pa nthambi ya mango, iwe wafika ndi matumba pa ngolo, ana akufuna za sukulu, ngongole ya feteleza ikudikira. Akukweza thumba, muvi ukugwedezeka usanaime iye watchula kale makilo, ndipo mtengo ndi womwe wanena iyeyo basi. Chaka china ndinagulitsa soya yense motero, patangopita miyezi inayi mtengo unali utakwera moti sindinafune kumvanso za msika. Venda uja pa foni yake amadziwa mmene soya akuyendera ku Lusaka, a ku Lusaka amayang'ana ku Johannesburg ndi ku Chicago, komwe msika wa mbewu ulipo kuyambira 1848. Ife olima ndife omaliza kumva. Mkuwa nawonso ndi chimodzimodzi, timakumba ku Copperbelt ndi ku Solwezi koma mtengo umachokera ku London Metal Exchange, msika wa 1877, ukagwa kumeneko kwacha imafooka, feteleza pa shopu ku Chipata n'kukwera.

Pa nkhani iyi ife ndi a Malawi tili m'bwato limodzi. Ife tili ndi FRA, bungwe la boma logula chimanga, yomwe imalengeza mtengo wake, monga K330 pa thumba mu 2024 chaka cha chilala chija, iwo ali ndi ADMARC ndi mitengo yoyambira yomwe unduna umalengeza. Ife tili ndi ZAMACE, iwo ali ndi ACE ku Lilongwe, onse awiri ndi misika ya mbewu yomwe ili ndi nkhani yosungitsa mbewu mu nkhokwe n'kulandira lisiti yomwe ungagulitse mtsogolo kapena kukongolera ndalama. Maganizo abwino kwambiri, koma m'mudzi mwathu sindinaonepo munthu atagwira lisiti yotero m'manja.

Ndipo pali china chomwe maboma athu onse awiri amachita, lero atsegula boda kuti chimanga chituluke, mawa atseka. Ine ndikumvetsa, njala si masewera ndipo palibe mtsogoleri angafune ufa udule. Koma ndani angalonjeze mtengo wa July ali mu December pomwe sakudziwa ngati chimangacho chidzaloledwa kudutsa pa Mwami kapena pa Chanida? Mapeto ake chimadutsabe usiku pa njinga m'njira za kutchire, phindu n'kupita kwa wodutsitsa, osati kwa wolima.

Ine ndimakolola matumba 60 chaka chikakoma, kontrakiti ya ku Joni ija singandione n'komwe. Koma mu koparetivi mwathu tilipo oposa 40, tikaphatikiza tifika. Pa msonkhano wa Loweruka ndikufuna ndifunse a tcheya ngati chaka chino tingasunge ngakhale theka la soya pamodzi mpaka September, tione nkhokwe yovomerezeka yomwe ili pafupi ndi ndalama zomwe amalipiritsa pa thumba. Msuweni wanga wati ndimuuze zikatheka, naye ali ndi kamunda ka mtedza ku Mkanda.