Nyali za pinki ndi buluu zisayankhule m'malo mwa munthu

Opanga mafilimu ndi makanema a nyimbo ku America ali ndi chizolowezi chowalitsa nkhope ya wosewera ndi nyali ya pinki tsaya limodzi, ya buluu tsaya linalo, kotero kuti pamphuno ndi pachipumi, pamene kuwala kuwiriko kwakumana, pamaoneka pepo. Oonera ambiri amati imeneyi ndi njira yotinong'oneza kuti munthuyo amakopeka ndi amuna ndi akazi omwe, pakuti mitundu itatuyi ndi yomwe ili pa mbendera ya anthu otere, imene Michael Page, womenyera ufulu wawo, anakonza m'chaka cha 1998.

Nkhaniyi inafala kwambiri pa Twitter m'zaka za 2017 ndi 2018. Mu February 2018 woimba wa ku America Janelle Monáe anatulutsa kanema wa nyimbo yake ya Make Me Feel, momwe akuoneka akuvina m'bala lodzaza ndi kuwala kumeneku, uku akuthamangira kwa mwamuna, uku akubwerera kwa mkazi. Pamenepo ndilibe chotsutsa, chifukwa nyalizo zinangotsindika zimene maso ankaona kale, ndipo patangopita miyezi iwiri mwini wakeyo anauza magazini ya Rolling Stone kuti anakhalapo pachibwenzi ndi amuna ndi akazi omwe.

Chimene chimandipweteka ndi filimu imene imangoyatsa nyali koma pakamwa pa wosewera n'kutseka. Kuyambira 1934 mpaka 1968, malamulo otchedwa Hays Code ankaletsa mafilimu a ku Hollywood kuonetsa chikondi chotere, ndipo olemba ankachibisa m'kavalidwe, m'kayendedwe ndi m'mawu okuluwika. Amenewo anali ndi chifukwa chomveka, pakuti manja awo anali omangidwa. Lero malamulo aja kulibe. Ine ndimaona kuti kampani yodalira nyali zokha ikufuna kudyera kuwiri: wolakalaka kudziona pakanema alipire pokhulupirira kuti akumbukiridwa, wodana nazo alipirenso osazindikira kanthu, ndipo wina akafunsa, kampaniyo iyankhe kuti inangokongoletsa chithunzi.

Komanso kuwalako pakokha si umboni wa chilichonse. Mafilimu a John Wick ndi Blade Runner 2049 ali ndi mitundu yomweyi, yoonetsa usiku wa mumzinda waukulu ndi zikwangwani zake zowala. Nyali za LED zinatsika mtengo, moti ngakhale kwathu kuno timaziona m'maholo a ukwati ndi kutsogolo kwa matchalitchi ena, zikuthwanima pinki ndi buluu pa diresi la mkwatibwi popanda aliyense kuganizira za mbendera. Ojambula ena amazikonda chifukwa khungu lakuda limaoneka bwino kwambiri pa buluu ndi pepo, ndipo chifukwa chimenechi n'chokwanira pachokha.

Munthu wokopeka ndi amuna ndi akazi omwe amakayikiridwa mbali zonse. Ena amamuuza kuti wangosokonezeka, ena amati asankhepo kumodzi. Kumupatsa chizindikiro chimene aliyense angachikane n'kumuwonjezera kukayikiridwa komweko. Ngati wolemba wasankha kuika munthu wotere m'nkhani yake, amulembe ndi dzina, ntchito, abale ndi zofooka zake, anene yekha amene amamukonda, ndipo oonera amumve ngakhale chithunzicho chitajambulidwa masana dzuwa likuswa mtengo.