Mwaveka ana zipewa za Father Christmas n'kuwapatsa zipalapasiro

Ndakwiya, ndipo amene akhumudwe ndi zimene ndilembe panozi akhumudwe basi.

Dzulo pa Khrisimasi tinasonkhana banja lonse kwa apongozi ku Dedza. Alamu anga a ku Johannesburg anabwera ndi kamtengo kapulasitiki ka magetsi othwanima, n'kukaimika pakhonde. Ana onse anavekedwa tizipewa tofiira tija, n'kufoletsedwa pamzere, zithunzi jambulejambule mpaka foni kuzima. Ife amayi tinali pamafuwa chidzukire m'bandakucha, nkhuni zonyowa, utsi m'maso, nkhuku zitatu zalokolo zili pamoto, mpunga wa Kilombero fungo lake likufika kwa aneba. Ana ankangozungulira kukhitchini ngati ntchentche, malovu ali chuchuchu. Nthawi yopakula itakwana, ntchafu, mapiko, ziwindi, nthutumba ndi minofu yonse zinalowa m'nyumba kwa azibambo. Ana anawayalira mphasa kuseri n'kuwapatsa mitu, makosi, zipalapasiro ndi msuzi wothira madzi. Tizipewa tidakali kumutu. Kamtsikana kena ka zaka zinayi kanavundula m'mbale ndi chala n'kufunsa kuti nyama ili kuti. Amalume ena, botolo lili m'manja, anaseka n'kunena kuti ana amadya zotsala, ndiwo mwambo wathu, nafenso tinakula choncho.

Mwambo wathu? Chabwino, amalume, tiyeni tikambe za mwambo.

Kamtengo kali pakhondeko ndi mwambo wa ndani? Kanachokera ku Germany, kanadzera ku Britain, kenako kanatipeza kuno, ndipo tinakalandira popanda kuitanitsa msonkhano kwa amfumu. Zipewa zofiirazo agogo athu sanavalepo. Keke, makhadi, mphatso zokulunga m'mapepala, nyimbo zoimba za chipale chofewa ife thukuta lili kamukamu, zonsezi tinazitenga mokondwa, palibe anadandaula kuti makolo akwiya. Koma ikafika nkhani ya ntchafu ya nkhuku, pomwepo ndi pamene mumakumbukira makolo. Chachilendo mukuchifuna pamene chikukongoletsa chithunzi. Chamakolo mukuchifuna pamene chikukhutitsa mimba yanu. Mwana ndiye waluza konsekonse.

Musandimve molakwa, kusakaniza miyambo ine ndimakukonda. Khrisimasi yathu imakoma chifukwa cha kusakaniza komweko. Kutchalitchi ana a Sande Sukulu amachita sewero la kubadwa kwa Yesu, Mariya atafunda chitenje cha amake, abusa atakolekera mabulangete ndi ndodo za nsungwi, chidole chitagonekedwa m'lichero. Tikaweruka kuli thobwa pambali pa Fanta ndi Sobo, zitumbuwa pambali pa masikono, ng'oma pambali pa wailesi, madzulo agogo ayamba nthano ana n'kumayankha kuti tili tonse. Zimenezo palibe angandilande. Chimene ndikukana n'chakuti tsiku limene timauza ana kuti ndi lawo likhale tsiku limene akulu adzikundikira chilichonse chokoma.

Tsikuli ndi la ana. Ndibwereze kuti a m'nyumba aja amve, tsikuli ndi la ana. Amene tikukumbukira kubadwa kwake ndi khanda logonekedwa modyera ng'ombe. Anzeru a kum'mawa aja golide, lubani ndi mure anazipereka kwa mwana, sanazipereke kwa amalume ake a mwanayo. Ngakhale Father Christmas amene mwakopera chipewa chakeyo, chiyambi chake ndi Nikolasi woyera, bishopu wa ku Myra, dera lomwe lero lili m'dziko la Turkey, munthu amene amakumbukiridwa chifukwa chopatsa osowa mobisa ndi kuteteza ana. Mbali zonse ziwiri, ya Baibulo ndi ya azungu, zikuloza mwana. Inu nokha ndi amene mukuloza mbale yanu.

Ndipo taganizirani mwezi wake. Disembala kumudzi si mwezi wa chakudya. Nkhokwe zapepuka, chimanga chili m'munda chikupaliridwa, ndalama yathera feteleza. Mwana wadya mgaiwa wa nkhwani, wa bonongwe, wa therere, mawa lake chimodzimodzi, tsiku lina phala lopanda shuga n'kukagona. Mwana ameneyu wawerenga masiku kuyambira sukulu itatsekera. Wauza anzake kuti kwathu kubwera alendo a ku Joni, tidya mpunga wa nkhuku. Nkhuku yomwe yaphedwayo ndi iye amene amaitsekera m'khola madzulo alionse, ndi iye amene waithamangitsa m'matope m'mawa mpaka kuigwira. Kenako mumupatse phazi? Phazi, abale anga? Inu amene kutauni mumadya kanyenya Loweruka lililonse, mimba zinachita kutsogola, mukalimbirane ntchafu ndi mwana amene nyama anailawa komaliza pamaliro?

Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira. Kusikelo alangizi a zaumoyo amachita kusasa mawu kutiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ife n'kumaimba nawo, kuwomba m'manja. Tikafika pakhomo gulu la nyama lonse lipite kwa abambo a zaka 45 amene anasiya kukula kalekale. Thupi limene likumangidwa ndi la mwana. Bongo umene ukufuna nyama ndi wa mwana. Wamkulu akaphonya ntchafu tsiku limodzi safa ayi.

Ena ati ndi umphawi, ena ati ndi mmene tinaleredwera. Zilibe kanthu, dzulo nkhuku zinalipo zitatu.

Zoti nafenso tinakula choncho ndiye zimandinyansa zedi. Inde munakula choncho, ndipo zinkakupwetekani. Ndani mwa inu sakumbukira kukhala panja kumvetsera mbale zikulira m'nyumba, kupemphera chamumtima kuti alendo asamalize? Ndani sanamenyedwepo chifukwa choyang'anitsitsa mlendo pakamwa? Munalira nazo muli ana, lero mwakula mwazisandutsa cholowa choti musiyire ana anu. Tinakulanso tikuuzidwa kuti mayi woyembekezera akadya dzira mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Zimenezo ambiri tinazitaya titaona kuti n'zabodza, ndipo dziko silinathe. Izi zokha ndiye zakanirira chifukwa odya ntchafuwo ndi omwenso amaweruza milandu.

Nthutumba apatseni agogo aamuna, sindikutsutsa. Nkhalamba ya pakhomo ilemekezedwe, ipatsidwe madzi osamba m'manja mogwada, idye poyamba ngati mukufuna. Ulemu umenewo ana anga ndimawaphunzitsa ndipo sindidzasiya. Koma agogo ndi mmodzi, nthutumba ndi kanthu kakang'ono. Gulu lonse la azibambo lomwe limabisala kumbuyo kwa agogo lija, achimwene, alamu, asuweni, anzawo a alamu, ndi wina wongodutsa amene wamva fungo, amenewo akulemekezedwa chifukwa cha chiyani? Nkhuni sanawaze. Madzi sanatunge. Ena ngakhale paketi ya mchere sanabweretse.

Amayi anzanga, nanunso musabisale. Chipande chili m'manja mwanu. Palibe bambo amene amabwera kukhitchini kudzagawa ndiwo, ogawa ndinu. Mumaopa kunenedwa kuti mkazi wa uje ndi wamwano, ndiye mumalolera kuti mwana wanu yemwe anyambite fupa kuti apongozi akutameni. Ine dzulo ndinalowa m'nyumbamo, ndinagwada bwinobwino, n'kunena kuti pepani azibambo, mbale iyi yasochera, n'kuinyamula kupita nayo pamphasa. Apongozi aakazi anandinong'oneza kuti apongozi, mukutichititsa manyazi pamaso pa alendo. Manyazi ake ati? Manyazi ndi mwana kulirira nyama pakhomo pamene paphedwa nkhuku zitatu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ana mukuwadyetsa mapazi leroli ndi amene adzagwire chipande inu mano atatha.

Ndipo china chimene chinandiwawa kuposa apo. Si ana onse anakhala pamphasa. Ana a alamu, obadwira ku Johannesburg aja, anadyera m'nyumba, patebulo, ndi masupuni, aliyense ntchafu yake, ati chifukwa sanazolowere, ati ndi alendo. Ndiye kuti mwambo uja umadziwa kusankha. Mwana wolankhula Chingerezi ndi mlendo, wolankhula Chichewa ndi wa zotsala. Agogo ake ndi amodzi, magazi amodzi, chipewa chofanana kumutu, pachithunzi anaima phewa ndi phewa. Anawo ine sindikuwada, alibe mlandu, ndipo kamodzi mwa iwo kanatuluka kokha ndi mbale yake kukakhala ndi abale ake panja, kamwana kuposa akulu nzeru. Koma mukuganiza kuti a kumudziwa saona? Amaona, ndipo akuphunzira kuti munthu amalemekezeka akachokera kunja. Mawa akadzathawira ku Joni opanda mapepala muzidzati ana a masiku ano sakonda kwawo.

Chithunzi chija pano chili pa Facebook, mitima yofiira mbwee, ena akulemba kuti banja lodala. Palibe anajambula mphasa.

Komanso inu azibambo, khalidwe lotuma ana mowa usiku wa Khrisimasi lithe. Mdima wagwa, mvula ikuwaza, maminibasi akuthamanga pa M1 madalaivala ena atalawa kale, makombola akuphulika paliponse, inu n'kutuma mwana wa Sitandade 3 kuti awoloke msewu akakugulireni mabotolo awiri kugolosale, chenji abweze yonse. Miyendo yanu yatani? Nyamukani mukagule nokha.