Musanasankhe siding yatsopano, yambani mwaona kuseri kwa yakaleyo

Ndinene maganizo anga pa nkhani yosintha zokutira makoma a kunja kwa nyumba, zija amati siding, chifukwa ambirife timayambira polakwika. Timathamangira mtundu ndi maonekedwe. Inenso ndinali momwemo mpaka tsiku limene tinakanganula matabwa akale pansi pa zenera, n'kupeza mitengo ya m'kati itawola, yofewa ngati chinkhupule. Kunjaku kunkaoneka bwinobwino. Madzi a mvula ankalowera m'mbali mwa zenera kwa zaka zambiri, koma analibe potulukira. Mtima unandiwawa kwambiri tsiku limenelo.

Palibe siding imene imatchingiratu madzi onse. Ndiye funso loyamba kwa mmisiri likhale lakuti, madzi akalowa atuluka bwanji? Kuseri kumafunika chinsalu chotchinga madzi koma cholola chinyezi kutuluka, monga Tyvek, timalata topinda pamwamba pa mawindo ndi zitseko, komanso kampata pakati pa khoma ndi siding kuti mpweya uziyenda. Mmisiri akayamba kuzemba funso limeneli, ine sindimupatsa ntchito.

Matabwa ndimawakonda, kukongola kwake palibe chofanana nako. Koma amafuna munthu wosatopa kupaka penti zaka zingapo zilizonse, ndipo mukangonyalanyaza, chiswe ndi chinyezi zimayamba ntchito yake. Dzifunseni moona mtima ngati makwerero muziwakweradi.

Vinyl, yopangidwa ndi pulasitiki ya PVC, ndi yopepuka, sifuna penti ndipo chiswe sichiidya. Vuto lake ndi lakuti imatanuka kukatentha n'kubwerera kukazizira. N'chifukwa chake mabowo ake a misomali ndi ataliatali, ndipo msomali suyenera kukhomedwa mpaka kuthina. Wokhoma akapupuluma n'kuthinitsa, khoma lonse limachita mafunde. Ikayandikira moto imasungunuka. Malata a aluminiyamu amatifuka msanga, achitsulo amachita dzimbiri akakandika penti.

Ine ndinasankha fibre cement, yosakaniza simenti, mchenga ndi ulusi wa mitengo, imene kampani ya James Hardie imadziwika nayo kwambiri. Siyaka moto, chiswe sichiifuna, ndipo penti imakhalitsa kuposa pa thabwa. Sindibisa kuti ndi yolemera, ndipo imathyoka mukainyamula mosasamala. Iyenera kutalikira dothi ndi masentimita pafupifupi 15, apo ayi imamwa madzi m'munsi. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi fumbi lake podula. Muli silica, imene imawononga mapapo n'kuyambitsa matenda a silicosis, omwe sachira. Ndinaumirira kuti anyamata odula avale zotchinga mphuno zoyenera ndipo adulire panja, ngakhale ankati zikuwachedwetsa. Sindikanafuna kuti nyumba yanga ikongole mwana wa munthu wina atapita ndi matenda.

Chinanso, ngati nyumba yanu inamangidwa zaka za m'ma 1980 zisanafike ndipo ili ndi timapale touma ngati simenti, musatiphwanye. Mwina muli asbestos, amene amayambitsa khansa. Itanani odziwa ayeze kaye.

Pansi pa zenera paja tinachotsa mitengo yonse yowola, tinaika ina, n'kupinda lata latsopano tisanakhome china chilichonse. Mvula ikagwa ndimatulukabe kukaona ngati madzi akudontha m'munsi mwa khoma, pomwe ayenera kutulukira.