Belu la limu, malipenga achitsulo ndi badza: ife, a ku Zambia ndi a ku Mozambique

Mukamayenda m'midzi ya ku Mchinji kenako nkudutsa pa Mwami kulowa mbali ya Chipata, olo mutsike ku Dedza nkuwolokera ku Angonia, chinthu chimodzi chimene sichisintha ndi belu la tchalitchi. Sindikunena belu lenileni lija lokhala pa nsanja ayi, amenewo ali ku mamishoni akuluakulu basi. Ndikunena limu ya lole yakutha yomangidwa ndi waya pa nthambi ya mango, pena chidutswa cha njanji, ndi chibawuti chachitali choimbira chimene chimabisidwa pa mphanda ya mtengo womwewo kuti ana asamaseweretse. Pamene amamenyapo pamachita kuwala mbee chifukwa cha zaka, kwina konse dzimbiri lokhalokha. Belu loyamba likamalira amayi amakhala akadali ku mjigo, lachiwiri ndiye aliyense amadziwa kuti ukapanda kunyamuka pompano ukapeza nyimbo yoyamba yatha. Ndipo likalira pakati pa sabata nthawi yosakhala yake, mwapang'onopang'ono, anthu kumunda amaimika khasu nkuyamba kufunsana kuti kodi zovuta zagwa kwa yani.

Kufanana kumeneku sikodabwitsa chifukwa mipingo yake ndi imodzimodzi. A Dutch Reformed anayamba pa Mvera mu 1889, nkudzafika pa Nkhoma mu 1896, ndipo anzawo a mpingo womwewo ochokera ku Orange Free State anakatsegula Magwero kufupi ndi Chipata mu 1899, komwe kunachokera Reformed Church in Zambia. Akatolika nawo Mua 1902, Kachebere 1903 pamalire penipeni, ndiye ku Angonia kuli Lifidzi ya ansembe a chi Jesuit. Nchifukwa chake mayi wa Chigwirizano wa ku Katete ndi mayi wa Chigwirizano wa ku Namitete akakumana pa maliro amaimba nyimbo imodzi osafunsana kuti tiyambe bwanji. Kusiyana kunabwera pambuyo, ndipo kunabwera ndi maboma komanso ndalama.

Ndiyambe ndi a ku Mozambique poti nkhani yawo imandigwira mtima kwambiri. Dziko lija litalandira ufulu mu 1975 boma la Frelimo linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, ansembe ambiri achizungu anachoka, matchalitchi ena anatsekedwa, kenako nkhondo yapachiweniweni ija inafika ku Tete mpaka midzi yathunthu kuthawira kuno, anthu pafupifupi 1 miliyoni, ambiri mwa iwo ku Ntcheu, Dedza, Mwanza ndi Nsanje. Mu 1985 ansembe awiri a chi Jesuit anaphedwa ku Chapotera ku Angonia konko, mmodzi anali mwana wa m'deralo, bambo João de Deus Kamtedza. Ndiye taganizani, zaka zonsezo mpaka mtendere kusainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, m'midzi yambiri kunalibe wansembe, ndipo kuimba belu pa nthawi ya nkhondo kunali ngati kudziulula wekha kuti tili pano. Koma mpingo sunafe. Maepiskopi awo anali atagwirizana kale pa msonkhano wa ku Beira mu 1977 kuti akhristu eni ake azitsogolera m'magulu ang'onoang'ono, wina wowerenga mawu, wina woyendera odwala, wina woika maliro, ndipo zinayendadi choncho, uthenga wa mapemphero umayenda pakamwa khomo ndi khomo. Ifenso tili ndi miphakati imene bishopu Patrick Kalilombe anailimbikitsa ku Lilongwe m'ma 1970, koma ifeyo sitinayesedwe ndi moto ngati anzathuwa. Mpaka lero ine ndimaona kuti mkhristu wa kumudzi ku Angonia sadikira kwambiri munthu wochokera ku parishi kuti zinthu ziyende, pomwe kwathu kuno nthambi zina zimachita kuzizira abusa akapanda kubwera miyezi iwiri. Pamenepo a ku Mozambique anatiposa, ndipo anazilipira modula.

Ku Zambia ndiye nkhani ndi malipenga, achitsulo enieni. Mukakhala ku Chipata, Lusaka olo ku Copperbelt pa Sande ya perete ya Boys' Brigade mumva ng'oma yaikulu ija ikugunda muli kutali, kenako gulu la anyamata ndi atsikana mu yunifolomu zawo akuguba mumsewu kupita ku tchalitchi, malipenga ang'onoang'ono kutsogolo, chilipenga chachikulu chija chitanyamulidwa ndi mnyamata woti kukula kwake chikumuposa, ana a m'komboni akuthamangira m'mbali. Mpingo wa United Church of Zambia, umene unapangidwa mu 1965, ndi umene umadziwika kwambiri ndi zimenezi, komanso pali a Salvation Army amene ku Zambia anakhazikika kalekale, mishoni yawo ya Chikankata kum'mwera kuja ndi yodziwika dziko lonse, pamene kuno ku Malawi anayamba mu 1967. Brigade inayambira ku Glasgow mu 1883 ndipo kunonso ilipo mu CCAP, sindikukana, koma kuchuluka kwa mabandi ake simungayerekeze ndi kwa anzathuwa.

Chimene chimandisangalatsa si kukongola kwa perete kokha ayi. Ndi zoti mwana wa zaka 12 amaphunzitsidwa ndi mkulu wake wa mu mpingo momwemo kagwiridwe ka lipenga, kusunga mpweya, kutsuka chida akamaliza, kufika nthawi yake pa pulakatisi, ndipo akakula amaphunzitsa wina. Zida zambiri ndi zakale, zina zomangidwa ndi mphira penapake, koma zikulira, ndipo bandiyo ndi ya mpingo, mwana wa mpingo akamakwatira olo mkulu wa mpingo akatisiya amaimba ndi ana awo omwe. Kwathu kuno munthu wa kumudzi amaona bandi ya malipenga pokhapokha kukabwera a polisi kapena asilikali a MDF pa mwambo wa boma, akamaliza amakwera lole nkumapita, ana atsala kukamwa yasa.

Tsono ndinene chilungamo, mabandi a ku Zambia ambiri ndi a m'tauni ndi pa boma, mukalowa mkati mwa midzi ya ku Chadiza olo Vubwi mupeza limu yomwe ija ndi kwaya yopanda chida. Iwo migodi ya kopa inakokera anthu m'matauni kuyambira m'ma 1930, lero oposa 40 pa 100 alionse amakhala m'tauni, pamene ife kalembera wa 2018 anapeza 16 okha pa 100. Mpingo wa anthu olandira malipiro pa mwezi ungathe kusonkha nkugula malipenga, mpingo wa alimi odikira fodya ndi soya kamodzi pa chaka uyamba waganiza za malata. Ndiye sikuti iwo amakonda nyimbo kuposa ife.

Ndipo apa ndi pamene ndimafuna a Malawi anzanga timvetsetsane, chifukwa bandi ya kumudzi ifeyo tili nayo, kungoti sitiiwerengera. Agogo athu amene anapita ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ena ngati asilikali a King's African Rifles ena ambirimbiri ngati amtengatenga, anaona maperete ndi mabandi a asilikali, atabwerera kumudzi analibe ndalama ya lipenga lachitsulo, ndiye anatenga chikho cha mphonda chachitali, kuboola, kumata kachikopa kopyapyala ka chisa cha kangaude pa bowo (masiku ano ambiri amangoika kapulasitiki), basi badza lapangidwa. Umaimbira momwemo nyimbo ndi m'mero, ilo limanjenjemera nkutulutsa mawu okhala ngati a lipenga, laling'ono mawu okwera, lalikulu besi. Mmenemo ndi mmene munabadwira mganda wa ku Dowa, Ntchisi, Kasungu ndi Nkhotakota, gule wa malipenga wa ku Nkhata Bay, Karonga ndi Likoma, komanso beni wa ku Mangochi ndi Machinga. Amene munaonerapo malipenga a Atonga mukudziwa, kabudula woyera wositidwa mpaka mzere kuima, masokosi ofika m'mawondo, nsapato zopolishidwa, gulu lililonse lili ndi boma lake, mfumu yake, kapitawo, dokotala woyendera ovina. Azibambo akuluakulu akuponda mwaulemu osathamanga, fumbi likukwera pang'onopang'ono, amayi akulowa m'bwalo kukawapukuta thukuta ndi kuwafupa. Mudzi wina umayenda mtunda wautali wapansi kukapikisana ndi mudzi unzake nthawi yokolola itatha, eni mudzi nkuwaphikira nsima ndi thobwa.

Zimenezi sizinathere pa malire. Ku Lundazi amavina mganda, ku gombe la Mozambique la nyanja yathu mbali ya Cobue ndi Metangula amavinanso, ndipo a ku Luapula ndi ku Bangweulu ali ndi kalela amene anapita naye ku migodi, ng'oma zake zopangidwa ndi migolo ya mafuta. Nkhondo ya 1914 ija mbali ino ya Africa inathera ku Zambia komweko, asilikali a Germany anakapereka zida ku Mbala mu Novembala 1918. Koma pa ukatswiri wa badza ine ndiika Malawi patsogolo popanda kukayika.

Chomvetsa chisoni nchoti mganda tinausandutsa gule wodikira andale. Kuyambira nthawi ya Kamuzu magule ankaitanidwa ku misonkhano, ndipo chizolowezicho chinakhala, lero magulu ambiri amasonkhana pokhapokha akamva kuti kukubwera bwana ndipo kukhala kangachepe. Mipikisano ya mudzi ndi mudzi ija ikuchepa, anyamata ali pa kabaza m'tauni ena ku Joni, ovina otsala ndi a imvi. Mipingo nayo inathandizira, kwa zaka zambiri ina inkaona gule aliyense wa ng'oma ngati chikunja olo kuti mganda ulibe chokhudzana ndi mizimu. Akatolika anatsegulako chitseko, ng'oma ndi visekese zinalowa mu Misa, ndipo ku Mua bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976 kusunga za makolo, koma badza mu tchalitchi simulimva kawirikawiri.

Ndiye pabwere chinkuzamawu. Ichi chafika maiko onse atatu mofanana, ku Ulongue, ku Katete, ku Mponela chimodzimodzi. Mpingo ukangopeza kandalama ka pepa sande choyamba ndi masipika awiri akuluakulu, kiyibodi ndi jenereta olo sola. Sindikudana nazo, agogo osamva bwino amamva ulaliki chifukwa cha maiki, ndipo makwaya athu ajambula nyimbo zabwino ndi kiyibodi. Koma onani chimene chimachitika, mnyamata mmodzi yekha ndiye amadziwa kudina, wakanikiza batani ng'oma ikudziimba yokha, kwaya yonse ikutsatira makina, ndipo tsiku limene mafuta a jenereta asowa anthu amachita kuyang'anana ngati sanaimbepo chibadwire. Pa ukwati ndi DJ, pa chinkhoswe ndi DJ, pena ngakhale pa siwa amayi a Mvano ndi a Chigwirizano amene amachezera usiku wonse ndi mawu awo akuyamba kuphimbidwa ndi sipika. Kwina belu lenilenilo layamba kusiyidwa, amangotsegula nyimbo m'mamawa kuti anthu adziwe kuti tchalitchi chatsegulidwa, koma sipika singakuuzeni kusiyana kwa kuitana mapemphero ndi kulengeza zovuta mmene limu ija imachitira.

A ku Zambia sipika yawalowereranso koma bandi ya Brigade ikadalipo chifukwa ili ndi dongosolo, pali tsiku la pulakatisi, pali mkulu woyang'anira, pali ana atsopano chaka chilichonse. Chimenechi ndi chimene ine ndikanakonda titatengera, osati kugula malipenga a ku Ulaya amene mpingo wa ku Kasiya sungakwanitse, koma dongosololo. Mphonda zimamera kuseri kwa nkhokwe iliyonse, azibambo odziwa kupanga badza ndi kuyimika mizere ya mganda akadalipo ku Ntchisi ndi ku Dowa ngakhale akutha mmodzimmodzi. Akulu ampingo ndi mafumu atagwirizana kuti Loweruka masana ana a Sande sukulu ndi a Brigade aziphunzira kwa azibambo amenewa, ndipo pa msonkhano wa misasa olo tsiku la masika mipingo yoyandikana izipikisana, sipangafunike ndalama yoposa ya nsalu yoyera ndi chikopa cha ng'oma. Ku Kulamba ku Mkaika mwezi wa Ogasiti Achewa a maiko atatu timakumana kale chaka ndi chaka pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndiye malo okaonetsa ana amenewa kwa anzathu a ku Zambia ndi ku Mozambique alipo kale.