Pa chipata cha phiri: Mulanje, Kilimanjaro ndi Namuli salandira alendo mofanana

Munthu wonyamuka ku Limbe m'mamawa kudzera msewu wa Midima amafika pa Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, dzuwa lisanawawe. Akalembetsa pa ofesi ya za nkhalango, kulipira ya pa chipata ndi kupeza womutsogolera, amalowa njira ya Skyline, ndipo pakatha maola atatu kapena anayi amakhala akuphika tiyi pa Chambe. Ife a ku Blantyre tinazolowera zimenezi mwakuti sitiona kuti ndi mwayi, koma kwa anansi athu phiri lalitali chonchi silikwereka mophweka chotere.

Chuma cha Mulanje ndi tinyumba take togona. Pali Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu ndi Madzeka, tomangidwa motalikirana ulendo wa maola angapo, kalikonse kali ndi mlonda, malo osonkhapo moto ndi madzi pafupi. Hema ndi wosafunika, chikwama chimapepuka. Koma kuphweka komweko ndi kumene kumapusitsa anthu. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, pamene Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000, ndipo pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Wovala malaya okha pa Ginnery Corner adzafuna juzi, jekete losalowa madzi ndi chipewa akafika pamwamba. Kuchoka pa Chisepo kupita pa nsonga ndi kubwerako kumadya maola 6 mpaka 8, mokwawa pa miyala ikuluikulu ndi kutsata utoto wopakidwa pa matanthwe. Chiperoni akafika, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, utotowo suoneka, thanthwe limaterera, ndipo munthu amatsikira chigwa cholakwika akuyesa kuti ali pa njira. Mu 2003 mlendo wa ku Netherlands anasowa pamenepa osapezekanso, ndipo mu 2009 wina wa ku Brazil anapezeka atafa. Onse awiri anali okhaokha. N'chifukwa chake wopita ku Sapitwa anyamuke pa Chisepo kukangocha, atenge malita awiri kapena atatu a madzi ndi tochi, ndipo ikakwana 12 koloko masana asanafike pa nsonga, abwerere. Wotsogolera akati nyengo yaipa, mawu ake ndi omaliza.

Ku Tanzania zoterezi sazisiya m'manja mwa mlendo. Pa Kilimanjaro, phiri la mamita 5,895 loyang'aniridwa ndi bungwe loona za malo osungirako zachilengedwe la TANAPA, munthu saloledwa kudutsa chipata popanda wotsogolera wachiphaso. Dzina limalembedwa polowa ndi pa malo alionse ogona, kotero wina akasowa zimadziwika tsiku lomwelo. Nkhuni n'zoletsedwa, aliyense amaphikira gasi. Mabotolo apulasitiki otaya akatha madzi saloledwa, ndipo zinyalala zimatsika ndi amene anakwera nazo. Chimene ndimachisirira koposa ndi sikelo ya pa chipata: katundu wa mlendo amene wonyamula asenze asapitirire makilogalamu 20, ndipo amamuyeza pamaso pa onse. Kwathu kuno kulemera kwa chikwama kumangokambidwa pakamwa, ndipo mnyamata wa ku Likhubula amene wadikira ntchito sabata yathunthu sangakane mtolo ngakhale utamupinda msana. Sikelo imodzi pa Likhubula ndi ina pa Fort Lister, polowera pena pa phiri la Mulanje, si zinthu zofuna mamiliyoni.

Dongosolo lawolo lili ndi mtengo wake. Malipiro a mlendo amawerengedwa m'madola pa tsiku lililonse, kuwonjezerapo ya kogona ndi ya opulumutsa anthu pa ngozi. Mtengo wotsika ndi wa nzika za maiko a East African Community, ndipo dziko la Malawi silili m'bungwelo, choncho Mmalawi amalipira ngati wochokera ku Ulaya. Ndalama ya masiku ochepa pa Kilimanjaro ikhoza kukweza gulu lonse la achinyamata a mpingo pa Mulanje. Palinso vuto limene Mulanje sakuphunzitsani mokwanira, la kuchepa kwa mpweya. Munthu akapitirira mamita 2,500 thupi limayamba kumva kusiyana, ndipo njira ya Marangu imakugonetsani pa Mandara, mamita 2,700, kenako pa Horombo, mamita 3,700, kenako pa Kibo, mamita 4,700. Mutu umawawa, nseru imabwera, tulo timasowa. Mphamvu za m'miyendo sizithandiza, ndipo kawirikawiri othamanga ndi amene amayamba kugwa. Sankhani ulendo wa masiku 6 osati 5, kuti pokwera mugone kawiri pa Horombo thupi lizolowere. Amene wayamba kudzandira, kusokonezeka mutu kapena kupuma movutika ali chikhalire atsitsidwe nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Otsogolera akumeneko akamati pole pole, kutanthauza pang'onopang'ono, akunena za mankhwala enieni a phirilo.

Wofuna kulawa za ku Tanzania osawononga chuma sayenera kufika kumpoto konseko. Mukawoloka pa Songwe, dera la Tukuyu lili ndi phiri la Rungwe, lochepera pang'ono kwa Sapitwa, ndi nyanja ya Ngozi imene ili m'chibowo cha phiri lomwe kale linkaphulika moto, ulendo wa tsiku limodzi m'nkhalango yowirira.

Ku Mozambique nkhani yake ndi ina. Chiperoni amene amatizizira kunoyu dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone, tsidya lina la malire m'chigawo cha Zambézia. M'chigawo chomwecho, pafupi ndi tauni ya tiyi ya Gurué, muli Namuli, mamita 2,419, phiri limene Alhomwe amati ndiko kunachokera makolo awo. Aliyense amene anakhalapo pa mwambo wa Mulhako ku Chonde analimvapo dzinali. Njira yake ndi ya pa Muloza ndi Milange. Pa Namuli palibe tinyumba ngati ta pa Mulanje, ndipo chipata chenicheni ndi mfumukazi ya m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri. Mlendo amagula mphatso ku Gurué, monga ufa, shuga ndi chakumwa, n'kukapereka kuti athire nsembe kwa mizimu asanakwere. Ulendo wonse umatenga masiku awiri kapena atatu, chakudya ndi zofunda n'zonyamula nokha, ndipo pamafunika wina wolankhula Chilhomwe kapena Chipwitikizi. Chigawo chomaliza ndi thanthwe loimirira, lokwera ndi manja omwe. Kukagwa mvula musaliyese. Ndimaona kuti mwambowu uli ndi nzeru, chifukwa mlendo amadziwika kwa eni dera ndipo kanthu kena kamatsala m'mudzi. Komabe mwambo pawokha sunateteze mitengo: nkhalango ya Namuli yakhala ikudulidwa kuti alimepo mbatata ya kachewere, monga momwe mkungudza wathu wa pa Mulanje unathera ndi macheka ndi moto wolusa, ngakhale uli mtengo wa fuko.

Zambia ndi dziko la zidikha, mapiri ake aatali ali m'malire ndi ife ku Mafinga ndi ku Nyika. Anzathuwa amadziwika ndi kuyenda pansi pakati pa nyama ku South Luangwa, ntchito imene katswiri wosamalira nyama zakutchire Norman Carr anaitchukitsa, ndipo gulu limakhala laling'ono, loperekezedwa ndi msilikali wa zanyama wamfuti. Mathithi monga Kundalila ndi Kalambo amasamalidwa ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission. Wofuna kutopetsa miyendo ndi chitunda asataye ya basi kupita kumeneko. Wofuna kuphunzira kuyenda mwakachetechete, mu mzere umodzi, apite.

Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse, ndipo n'zachidziwikire kuti alendo achuluka. Malamulo a pa chipata akadali ofewa, koma zina gulu lochoka ku Blantyre likhoza kuyamba lokha. Yezani chikwama chilichonse kunyumba, ndipo chikapitirira makilogalamu 18 chigaweni, mulembe wonyamula wachiwiri. Gwirizanani malipiro musananyamuke, ndipo funsani ngati wonyamulayo ali ndi chofunda, poti usiku wa Juni pa Lichenya udzu umachita kuyera ndi chisanu. Tengani kasitovu ka gasi kuti nkhuni za mlonda zikhale zoothera basi, ndi thumba lobwezera zitini ndi mapepala apulasitiki kumunsi. Miyendo yesani kaye pa Michiru kapena pa Zomba, nsapato zatsopano zifewe kumeneko osati pa Skyline. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mitsinje ya Likhubula, Thuchila ndi Ruo imadzadza mwadzidzidzi ngakhale kumunsi kusanagwe dontho, ndipo namondwe Freddy mu 2023 anagumula nthaka m'malo ambiri a phirili, choncho funsani pa Likhubula njira imene ikudutsika sabata imeneyo musanasankhe kogona.