Mwana wa kalasi 11 wosadziwa komwe kuli sukulu yake

Lero ndakwiya ndipo sindibisa. Mwana wa eni nyumba yomwe ndikuchita lendi kuno ku India, zaka 16 zokha, ali kalasi 11, ndimamufunsa kuti kodi iwe sukulu yako ili mbali iti bwanji sindinakuonepo utavala yunifolomu, iye akuti anangopitako tsiku lolembetsa basi, njira yake sangayikumbukenso. Bambo ake ali pomwepo akumwetulira, akuti tinamupezera dummy school yabwino kwambiri, fizi timalipira, iwo amachonga mu rejisitala kuti mwana wabwera tsiku lililonse, ndiye iye nthawi yake yonse imathera ku coaching, makalasi apadera olipira, kukonzekera mayeso a udokotala. Akunena monyadira abale! Mtima wanga unachita kuwawa.

Mwana amene salowa mkalasi sali pa sukulu. Mulipire fizi, mugule mabuku, dzina lake lilembedwe mu rejisitala ndi inki yagolide, koma ngati phazi lake siliponda pakhomo la sukulu ndiye kuti mwanayo mwamuchotsa sukulu, ndipo mwamuchotsa ndinu makolo ake.

Kwa amene simukudziwa mmene zilili kuno, mwana amalemba mayeso akulu pa kalasi 10, kenako pali zaka ziwiri, kalasi 11 ndi 12, zomwe amasankha kuti atenge sayansi, zamalonda kapena zinazi monga mbiri ndi ndale. Akamaliza amalemba mayeso a board, kutanthauza a mabungwe oyendetsa mayeso, ena a bungwe la CBSE, ena a CISCE, ena a boma la dera lawo. Koma mayeso amenewo paokha sakulowetsa ku udokotala kapena ku IIT, makoleji otchuka a uinjiniya, ayi, pali mayeso enanso, NEET kwa ofuna udokotala ndi JEE kwa ofuna uinjiniya, ndipo amenewa ndi amene adya zaka ziwirizo kuzimaliza. Mu 2024 ana oposa 2.3 miliyoni analemba NEET kulimbirana malo a digiri ya udokotala ya MBBS ongopitirira pang'ono 100,000. Inde malo ndi ochepa, inde aliyense akuopa umphawi, tikudziwa. Koma nanga enawo, oposa 2 miliyoni amene sapeza malo, amatsala ndi chiyani mmanja? Amatsala ndi satifiketi ya sukulu yomwe sanaphunzirepo, ndi mutu wodzaza njira zachidule zosankhira pakati pa A, B, C ndi D.

Zaka ziwiri zimenezi mwana amayenera kukhala ndi anzake, kukangana ndi mphunzitsi, kulemba chimangirizo chokhala ndi maganizo ake, kugwira zipangizo mu labu, kumenya mpira, kuphunzira kuyankhula pagulu. Ku CBSE maphunziro ngati Physics, Chemistry ndi Biology ali ndi mamalikisi 30 a zochita ndi manja mu labu, ndiye ndiuzeni mwana amene sanatsegulepo chitseko cha labu mamalikisi amenewo akuwapeza bwanji, akumupatsa ndani, ndipo munthu ameneyo tizimutchabe mphunzitsi? Chinthu choyamba chomwe mwana wa zaka 16 akuphunzira pamenepa ndi chakuti bodza limagulidwa ndipo bambo ake ndi amene amalipira. Ameneyo ndiye mawa adzatigwire thupi kuchipatala.

Lamulo lilipo ndithu, CBSE imafuna kuti mwana akhale atapezeka mkalasi masiku osachepera 75 pa 100 aliwonse kuti alembe mayeso. Mu March 2024 inalanda chilolezo sukulu 20, mu November chaka chomwecho inalandanso sukulu 21, zambiri za ku Delhi, zina za ku Rajasthan, atapita mwadzidzidzi nkupeza mayina ali mbwee mmabuku koma mipando ili yokhayokha. Sukulu 41 mdziko la anthu oposa 1.4 biliyoni! Zimenezo sizingaopseze munthu, ndipo umboni wake ndi woti makolo amakamba za dummy school poyera, mokweza, osayang'ana nkumbuyo komwe. Kenako CBSE yomweyo mu 2025 inati mwana wopezeka kuti sapita mkalasi asalembe mayeso a kalasi 12. Ndiye chilango chigwere mwana? Iye sanasaine fomu, sanapereke ndalama, sanachonge rejisitala, anangouzidwa kuti kuyambira Lolemba uzidzuka mbandakucha uzipita ku coaching.

Pitani ku Kota ku Rajasthan, mzinda wodzaza ndi malo a coaching, muone zikwangwani zikuluzikulu mmisewu, nkhope za ana amene akhoza bwino, manambala awo atalembedwa mmalembo akuluakulu ngati kampeni. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Mu 2023 mokha ana oposa 25 anadzipha mu mzinda umenewo, ana a eni, ena asanakwane nkomwe zaka 18, ali kutali ndi amayi awo mtizipinda ta mmahositelo. Mu January 2024 unduna wa maphunziro unatulutsa malangizo oti malo a coaching asamalembe ana osakwana zaka 16, chabwino, koma wa zaka 16 ndi 17 uja ndi wamkulu? Si mwana yemweyo amene akuyenera kukhala mkalasi 11? Ndipo atavutika choncho, atagulitsa ubwana wake, mu May 2024 mayeso a NEET aja anabedwa ku Patna ndi ku Hazaribagh, nkhani mpaka inakafika ku khothi lalikulu la dziko. Munthu wasiya sukulu zaka ziwiri chifukwa cha mayeso amodzi a tsiku limodzi, mayesowo wina wawagula usiku wake.

Ndipo musandiuze kuti ndi nzeru za makolo ofuna tsogolo la mwana. Kholo lomwe lili ndi ndalama limalipira kawiri, ku sukulu yabodza ndi ku coaching, pamene mwana wa mlimi wa ku Bihar amene akupitadi mkalasi tsiku ndi tsiku, kumvera mphunzitsi, kulemba homuweki, ndi amene akuoneka wopusa. Wochita zoona ndiye akutsalira. Zimenezi zimandipsetsa mtima koopsa, chifukwa akuphunzitsa mbadwo wonse kuti sukulu ndi yotayitsa nthawi. Mwana sali pa sukulu, ndabwereza ndipo ndibwerezanso, ali pa mzere wa mayeso, ndipo mzere si sukulu.

Anzanga a ku Nepal amene tili nawo kuno akamafotokoza zakwawo ndimangogwira mutu. Kumeneko zaka ziwirizi amazitcha +2. Mu 2016 anasintha lamulo la maphunziro, bungwe la mayeso la HSEB linatha nkubwera lina la NEB, mayeso akale a kalasi 10 otchedwa SLC anasanduka SEE, ndipo pa pepala sekondale tsopano imathera kalasi 12. Pa pepala. Mwana akangomaliza kulemba SEE sapuma nkomwe, amathamangira ku Kathmandu kukalipira maphunziro apadera otchedwa bridge course okonzekera mayeso olowera ku makoleji a +2 otchuka, mayeso okonzekera mayeso. Mu 2024 ana oposa theka a amene analemba SEE sanakhoze, ambiri ochokera sukulu za boma za kumidzi, amenewo palibe akuwalirira. Amene adutsa nkumaliza kalasi 12 ulendo wake ndi wa ku Putalisadak, msewu wa ku Kathmandu, kwa ma agenti otumiza ana kunja, kukaphunzira za mayeso a Chingerezi a IELTS kapena Chijapani, ndipo unduna wa maphunziro zaka zapitazi wakhala ukupereka makalata olola kukaphunzira kunja oposa 100,000 pachaka, mdziko la anthu pafupifupi 30 miliyoni. Japan, Australia, Canada, ena amangowoloka malire kubwera kuno ku India poti safunika viza. Makolo kukongola ndalama, kupinyolitsa minda, ma agenti nkumatsegula maofesi ena atsopano mumsewu womwewo. Mwana wa zaka 17 ali mkalasi 12 koma maganizo ake onse ali pa pasipoti, mphunzitsi akulemba pa bolodi iye akuwerengera ndalama ya tikiti.