Ma esei a chaka choyamba andikwana

Abale inu, kuphunzitsa kalasi yakalembedwe pa koleji kumafuna mtima wachitsulo. Umawapatsa ntchito yosavuta, masamba atatu okha, lembani maganizo anu pa nkhani yokweza fizi, zinthu zoti zikuwakhudza iwo eni tsiku ndi tsiku, koma zomwe amabweretsazo umangogwira kukamwa.

Wina wangokopera pa Wikipedia osachotsa ngakhale timanambala tam'mabulaketi tija, malinki abuluu ali mbuu pepala lonse. Ena ndiye a ChatGPT, chizungu chosalala bwino koma ukamufunsa kuti achimwene ndime yachiwiriyi mukutanthauza chani amangoyang'ana kudenga, mawu walemba yekha koma kuwatchula akukanika. Zimene zimandipweteka kwambiri ndizoti anawa si mbuli ayi, mukalasi amatsutsana mpaka nthawi kutha, mfundo zakupsa, koma ukati lembani zomwezo basi mantha, amabwerera kukalembedwe koloweza ka ku MSCE kaja, introduction yoyamba ndi kumasulira mawu kuchokera mudikishonale.

Nanga zamarefurensi, ndawaphunzitsa APA, njira yolembera mabuku ndi magwero amene wagwiritsa ntchito, mpaka mawu kusasa, munthu akulemba kuti gwero lake ndi Google basi.

Tsiku lopereka likafika ndiye zifukwa mbwee, magetsi anathima, fulashi yagwidwa vairasi, laputopu inali ndi roommate. Wina dzulo wanditumizira pa WhatsApp cha m'ma 11 usiku zithunzi za pepala lolemba pamanja, zopendekeka, chala chake chikuonekanso pakona, ati sir mungolandira kaye typed ibwera mawa. Ndipo nambala yanga sindikudziwa anaitenga kuti.